Vernice Tolliver ndi Mpando wa ku Khoti

Vernice Tolliver anali munthu wosadziwa kukana. Ku nyumba yosungira okalamba kumene ankagwira ntchito yothandiza anamwino, aliyense ankadziwa kuti mwana akakudwalira, kapena ukangofuna kujomba Lamlungu, woimbira foni ndi Vernice. Ankayankha kuti, “Chabwino, ndikubwera,” ngakhale atavula kale nsapato. Mkulu wake Odessa, amene ankaluka anthu tsitsi m'khitchini mwake n'kumadziwa nkhani za tauni yonse, ankati Vernice anabadwa akugwedeza kale mutu.

Ntchitoyo anaigwira zaka zoposa makumi awiri. Kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza wogona kuti asachite zilonda, kuchotsa zofunda zonyowa, kumvetsera nkhani imodzimodzi ya fakitale ya magalimoto imene inatsekedwa kalekale. Msana wake unkadziwa kulemera kwa gogo aliyense wa m'nyumbamo. Okalambawo ankamuitana kuti nesi, makamaka Mayi Etheridge, gogo wonenepa wa m'chipinda chakumapeto amene miyendo inasiya kumumvera. Vernice sankalola dzina losakhala lake. Nthawi zonse ankawongola kuti, “Sindine nesi, amayi, ndine wothandiza chabe.” Koma mumtima ankawonjezera kuti, pakadali pano.

Sukulu anaibwerera mochedwa, imvi zitayamba kusuzumira. Ankatenga phunziro limodzi limodzi pa koleji ya m'tauni mwawo akaweruka: za mafupa ndi minofu, za tizilombo toyambitsa matenda, masamu a mankhwala. Za tizilombozo analephera kamodzi, analira m'galimoto, n'kubwereza. Atamaliza anaima pamzere wa odikira malo m'sukulu yeniyeni ya unamwino, chaka n'kutha, china n'kutha. Tsono maphunziro oyambirawo ali ngati mkaka, amasasa. Zikadutsa zaka zoikika usanamalize kulowa, amawafufuta, ukayambirenso pachiyambi. Sukuluyo inamutenga Vernice m'chaka chake chomaliza, chitseko chitatsala pang'ono kumupana chidendene. Amayi a kwaya ya kutchalitchi anasonkherana n'kumugulira chopimira pachifuwa, ndipo Odessa anachivala tsiku lonse akuluka tsitsi, kumapima makasitomala ake n'kumawauza kuti mtima wawo wadzaza miseche.

Woyang'anira maphunziro a m'wodi anali Mayi Szymanski, namwino wakale wowonda, wosataya mawu. Tsiku loyamba lenilenilo anaimirira kutsogolo n'kunena kuti, “Kuno kulibe maliro, kulibe ukwati, kulibe galimoto yokana kulira chifukwa cha kuzizira. M'kalasi mutha kujomba, mudzakopera kwa anzanu. Koma m'wodi ukajomba kopitirira kawiri, usabwere kudzandilirira. Maola amenewo sindinaike ndine, ndipo chipatala sichitibwereka wodi kawiri.” Atsikana ang'onoang'ono anayang'anana mwamantha. Vernice sanatekeseke, pakuti kujomba sinali nthenda yake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu November, chipale chofewa chitangoyamba kugwa, kunabwera kalata ya ku khoti yomuitana kuti akakhale m'gulu la oweruza wamba, anthu amene amasiya ntchito zawo n'kukamva mlandu mpaka kuugamula. Vernice anaimba foni nthawi yopuma, ali ndi buku la mankhwala pamiyendo. Kalaliki amene anayankha anali wansangala. Anati ophunzira savuta, amangowakankhira ku June sukulu zikatsekera, koma adziwe kuti kusuntha tsiku n'kamodzi kokha. Vernice anathokoza kawiri konse, n'kubwerera ku buku lake mtima uli m'malo.

Apa m'pamene panagona tsoka. M'tauni monse, kuyambira ana a mkaka mpaka a kuyunivesite, June ndi tchuthi. Kalalikiyo ankadziwa choncho, Vernice anakula akudziwa choncho, sanaganize n'komwe zofunsa. Koma sukulu ya unamwino sitseka mu June, imene kumeneko ndi nthawi yotentha. Ndiyo nthawi imene ophunzira amawatumiza ku wodi ya odwala ochitidwa opaleshoni, yaitali ndi yovuta kuposa zonse. Ndondomeko itatuluka mu April, Vernice anaiyang'ana, n'kuyang'ana tsiku limene analemba pakalendala yapafiriji, n'kupeza kuti khoti ndi wodi zagundana.

Anaimbanso ku khoti. Wansangala uja anali wansangalabe, koma anati iye manja ake ngomangika, akafotokozere jaji yekha tsikulo. Anapita kwa Mayi Szymanski, amene anamulembera kalata pomwepo osazengereza. Pomupatsa anati, “Ndikuuziretu, Vernice. Lamulo limaletsa bwana kuchotsa wantchito chifukwa cha khoti. Ife si mabwana ako, ndife sukulu. Chita chilichonse chimene ungathe, asakusankhe.”

Lamlungu lake atatuluka m'tchalitchi anakadya kwa Odessa, nsomba yokazinga ndi chigumu ndi masamba ophikira nyama yowamba. Odessa anamva nkhani yonse akutafuna, kenako analoza mng'ono wakeyo ndi foloko.

“Tamvera iwe. Zimenezi n'zosavuta. Akakufunsa kuti ungaweruze mosakondera, ungoti ayi. Unene kuti aliyense wogwidwa ndi apolisi ndi wakuba, kapena unene kuti apolisi onse ndi abodza, usankhepo chimodzi. Ine anandiitanapo kawiri, kawiri konseko nkhomaliro ndinadyera kunyumba kwanga.”

“Achemwali, munthu amakhala atalumbira.”

“Nanga pa ukwati wako simunalumbire? Ali kuti mwamuna wako Lamont?”

“Musayambe.”

“Ndayamba kale. Iwe vuto lako umafuna aliyense akuone wabwino, ngakhale jaji woti sadzakukumbukira pofika Lachisanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwana wa amayi. Nena ayi kamodzi kokha m'moyo mwako, lilime silithothoka.”

Vernice anaseka, koma maso ake anapita pachithunzi cha bambo awo chimene chinali pamwamba pa firiji. Bambo Cleophus Tolliver anachoka kummwera ali mnyamata kudzafuna ntchito kufakitale, atasiya mkulu wawo m'ndende. Ankati mlandu wa mkulu wawoyo unagamulidwa ndi anthu khumi ndi awiri, popanda ndi mmodzi yemwe wa khungu lawo kapena wodziwa mmene iwo ankakhalira. Kalata ya khoti itawapeza atakalamba, anavala suti yopitira kumaliro, anakakhala tsiku lonse pabenchi, sanawasankhe, koma anabwerako akuyenda ngati apatsidwa mendulo. Ankauza ana awo kuti, “Akakuitanani muzipita. Kumeneko kumakhala mwana wa munthu akufunafuna nkhope yomudziwa.”

Odessa anaona kumene maso apita. Anati, “Ababa anali atapuma kale ntchito, analibe sukulu yoti ataye. Idya nsombayo.”

Lolemba la sabata yachiwiri ya wodi, Vernice anapezeka m'chipinda cha khoti chozizira ngati mosungira nyama, kalata ya Mayi Szymanski ili m'chikwama. Jaji anali bambo waulemu wooneka wotopa. Anafunsa ngati alipo amene kukhala pa mlanduwo kungamuike m'mavuto aakulu, manja n'kukwera ngati m'kalasi ya ana. Woyamba anali bambo woyenda ku makina otsuka impso. Wachiwiri anali mayi woyamwitsa. Wachitatu amasamalira mkazi wake amene anayamba kuiwala ndi dzina lake lomwe. Pofika pa Vernice, vuto lake linamuonekera laling'ono iye mwini, ndipo analifotokoza motsitsa mawu ngati akupepesa.

Jaji anawerenga kalatayo mpaka pansi. “Mayi Tolliver, ndikuona kuti tinakusunthirani kale tsiku. Aliyense muno wasiya kanthu kena. Mlanduwu ndi waufupi, masiku awiri, ukatalika atatu. Tidzakulemberani kalata, ndipo sindinaonepo sukulu yokana kalata ya khoti.”

“Chabwino, bwana jaji,” anatero Vernice. Masiku awiri ololedwa kujomba anali nawo, poti anali asanajombepo. Anakhala pansi akudziuza kuti khomo lina likadalipo, lija la Odessa.

Kenako jaji anawauza za mlanduwo. Woimbidwa mlandu anali Shavonne Beasley, wothandiza anamwino pa nyumba ina ya okalamba kutsidya kwa mtsinje. Lamulo la pantchitoyo limati wokalamba wosatha kuima anyamulidwe ndi anthu awiri. Shavonne ananyamula yekha bambo wina pomuchotsa pabedi, bamboyo anapulumuka m'manja, anathyoka chiuno, patapita milungu ingapo anamwalira. Boma linkati kumeneko n'kusasamala kofika pa mlandu. Vernice anatembenuka kumuyang'ana. Anali mtsikana wamng'ono, atavala jekete yobwereka ya manja aatali, ndipo zala zimene zinkatulukira kunsi kwake zinali zong'aluka ndi sopo ndi magolovesi. Zala zimenezo Vernice ankaziona tsiku lililonse posamba m'manja.

Loya wa boma anafika pa iye. “Mayi Tolliver, mwalemba apa kuti mumagwira ntchito yomweyi. Kodi mukuona kuti mungathe kuweruza mlanduwu mosakondera mbali iliyonse?”

Khomo linali pululu. Sipankafunika ngakhale bodza lalikulu, aliyense akanamvetsa. Akanati ayi, bwenzi pofika masana ali m'wodi atavala yunifolomu yake. Vernice anayang'ana anthu amene anali atakhala kale m'mipandomo: wogulitsa inshuwalansi, mphunzitsi wopuma, mnyamata wa makompyuta, mayi wa kubanki. Anthu abwinobwino ndithu, koma panalibe amene anasinthapo thewera la munthu wamkulu. Ndipo funso limene anamufunsa silinali loti akufuna kapena sakufuna. Anamufunsa ngati angathe, ndipo iye ankadziwa kuti angathe.

“Inde, ndingathe,” anatero.

Loya wa boma anamusunga poganiza kuti munthu wa ntchitoyo amalidziwa bwino lamulo la anthu awiri. Loya wa Shavonne anamusunga poganiza kuti munthu wa ntchitoyo amadziwa chifukwa chake lamulolo limathyoledwa. Anamukhazika pampando wakumapeto, pafupi ndi zenera. Madzulo ake Odessa atamva anangoti, “Mayo ine,” n'kudula foni.

Masiku awiri a jaji anatha asanamalize ndi mboni za boma zomwe. Dokotala wofunika kuchitira umboni anali kutali, anamudikira. Maloya ankapita kutsogolo kukanong'onezana ndi jaji, oweruza wamba n'kutulutsidwa kukakhala m'kachipinda kopanda zenera, kumwa khofi wowawa ndi kukamba za mpira, pakuti za mlandu saloledwa kukambirana mpaka pamapeto. Vernice ankatsegula buku lake la opaleshoni n'kumawerenga mzere umodzi kambirimbiri. Lachitatu analembera jaji kakalata kokumbutsa za sukulu. Yankho linabwera laulemu, loti atsala pang'ono, apirire.

Uthenga wa Mayi Szymanski unamupeza Lachinayi masana, ali pabenchi m'khonde la khoti akudya buledi wake. Unali waufupi, womupempha kuti akafike ku ofesi akapeza mpata. Anapitako akuchokera ku khoti, atanyamula kalata yachidindo imene kalaliki anamulembera. Mayi Szymanski anailandira ndi manja awiri, anaiwerenga, n'kuiika patebulo.

“Ndakumenyera nkhondo, Vernice, usaganize kuti ndinangokhala. Ndapempha chipatala, akuti malo a Loweruka anapatsa kale sukulu ina. Ndapita kwa akuluakulu, akuti akakulola iwe ndiye kuti alolenso onse amene tinawachotsa m'mbuyomu. Sindingalembe kuti unali m'wodi pamene sunalimo.”

“Sindikupempha kuti muname, amayi.”

“Ndikudziwa. Iwe ndiye sungapemphe zimenezo. Utha kudzalembetsanso chaka chamawa.”

“Maphunziro anga oyambira aja akutha mphamvu mu August.”

Mayi Szymanski anavula magalasi n'kutikita m'maso. “Ndikudziwanso zimenezo,” anatero. Vernice anathokoza, poti ndi mmene analeredwera, ndipo potuluka anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Sanalire tsiku limenelo. Chimene chinamugwira chinali chimodzi: poti sukulu yapita, ndiye kuti yapitira kanthu. M'mawa mwake anafika ku khoti woyambirira. Anamvetsera mwana wa malemu akufotokoza mmene bambo ake anafera ndi ululu, ndipo anamumvera chisoni chenicheni. Anamvetsera bwana wa nyumba ija, atavala tayi, akuwerenga lamulo la anthu awiri limene Shavonne anasainira. Atafunsidwa kuti m'mawa umenewo panali othandiza angati mbali imeneyo, bwanayo anati chiwerengero chinali chovomerezeka. Shavonne ataitanidwa analankhula mosamveka, kumangoti anaitana mnzake koma sanabwere, bamboyo anali atanyowa, ankalira. Loya wa boma anamufunsa katatu ngati lamulolo ankalidziwa, katatu konse anati inde.

Vernice ankasunga mawu ake ngati mbewu. Sankafuna kukauza anzakewo kuti mtsikanayo ndi mngelo, ayi. Ankafuna akawafotokozere mmene khonde la nyumba ya okalamba limakhalira m'mawa: mabelu akulira zipinda zinayi nthawi imodzi, mnzako mmodzi sanabwere, wina ali kubafa ndi gogo woti sangamusiye, ndipo munthu amene wakhala akukuitana kuti mwana wanga wagona m'mikodzo akukuyang'ana. Ankafuna akawafunse kuti iwo akanadikira mpaka liti. Akatero agamule mmene angagamulire, koma atamva. Ankayeserera mawuwo poyendetsa galimoto, kuchotsa ena, kuwonjezera ena, kuti asadzachite manyazi nthawi ikadzakwana.

Mlandu unatha sabata yachitatu. Maloya atamaliza kulankhula, jaji atawerenga malangizo ake, kalaliki anabweretsa kabokosi kathabwa. M'mipandomo munali anthu khumi ndi anayi, pamene ogamula amafunika khumi ndi awiri. Awiri owonjezerawo amakhalapo kuchitira kuti wina angadwale, ndipo sadziwika mpaka pamapeto, pamene mayina amaikidwa m'bokosi n'kutolapo awiri. Anawauza zimenezi tsiku loyamba, koma munthu aliyense amaganiza kuti maere agwera mnzake.

Dzina loyamba linali la mphunzitsi wopuma uja, amene theka la mlandu anali akuwodzera. Anadzuka msangamsanga, kutsala pang'ono kuwomba m'manja. Kalaliki anapisanso dzanja.

“Vernice Tolliver.”

Jaji anawathokoza awiriwo m'malo mwa boma, anati popanda nzika zodzipereka ngati iwo chilungamo sichingayende, ndipo tsopano ali omasuka kubwerera ku ntchito zawo. Vernice anaimirira. Anafuna kukweza dzanja, anene kuti pali cholakwika, atenge wina aliyense, mnyamata wa makompyuta uja wakhala akudandaula tsiku lililonse kuti akufuna kupita. Koma khoti si malo okweza dzanja maere atagwa, ndipo iye si munthu woyambitsa phokoso. Shavonne anatembenuka n'kumuyang'ana, nthawi yoyamba m'masabata onsewo. Anthu khumi ndi awiri analowa m'kachipinda kaja, wapakhomo n'kutseka.

Chigamulo anachimva kwa Odessa, amene anachimva kwa kasitomala wogwira ntchito yosesa ku khoti. Wolakwa. Akuti sanachedwe n'komwe, nkhomaliro imene anawaitanitsira inawapeza atamaliza. Odessa, amene pakamwa pake sipagwa ntchentche, tsiku limenelo sananene kuti ndinakuuza. Anakhazika mng'ono wake pampando wa makasitomala, anamumasula tsitsi, n'kuyamba kulipesa mofatsa. Patapita nthawi anati, “Ukhoza kuyambiranso, iwe. Sunga khosi, mkanda uoneka.”

“Khosi lake liti, achemwali? Ndikayambe za tizilombo zija ndi msana uno? Pomaliza ndidzakhala ndikusambitsidwa ine.”

Odessa anapitiriza kupesa. Vernice analira pamenepo, mutu uli m'manja mwa mkulu wake, ndipo chimene chinkamupweteka kwambiri sankachidziwa bwino, kaya ndi sukuluyo, kaya ndi mawu aja amene anatsala m'kamwa.

Chopimira pachifuwa anachibwezera m'bokosi lake n'kuchiika pamwamba pa kabati, kuseri kwa zofunda za nthawi yozizira. Amayi a kwaya ankamufunsabe kuti amaliza liti, iye n'kumati zinthu zasintha pang'ono. August anafika n'kudutsa. Ku nyumba ya okalamba anasangalala kumva kuti wabwerera masiku onse, poti anthu anali kuchepa kuposa kale, ndipo foni yake inayambanso kulira Lamlungu.

M'mawa wina wa mu October mnzake wa mbali yawo sanabwere. Namwino anali pafoni ndi dokotala, wothandiza wina anali kubafa ndi bambo wogwagwa. Belu la chipinda chakumapeto linali litalira nthawi yaitali. Vernice atalowa anapeza Mayi Etheridge atanyowa mpaka kumsana, akunjenjemera, misozi ya manyazi ili m'masaya. Pamwamba pa bedi panali chikwangwani chofiira chonena kuti anyamulidwe ndi anthu awiri. Vernice anatuluka pakhomo, anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anaitana dzina la mnzake. Kunkangomveka mabelu ena.

“Nesi, mwabwera?” anatero gogoyo. “Ndazizidwa, nesi.”

Vernice anabwerera mkati, anakokera njinga ya olumala pafupi ndi bedi n'kumanga mabuleki. Anatambalitsa miyendo, anawerama, n'kulowetsa manja m'khwapa mwa gogoyo.

“Sindine nesi, amayi,” anatero. “Gwirani khosi langa zolimba, musataye.”